Basi ya hydrogen kapena ya batire: yoyenera Lilongwe ndi iti?

Funso: Ndili ndi mabasi a dizilo onyamula ogwira ntchito kuchokera ku Area 25, Kawale ndi Area 23 kupita ku Kanengo. Ena atheratu, ndipo kusowasowa kwa dizilo kwandifoola nkhongono. Ndimamva za mabasi a batire ndi a hydrogen. Ndiganizire ati posintha akalewa?

Yankho: Bambo, mabasi onse awiriwa ndi amagetsi, chifukwa chozunguza matayala ndi mota, osati injini. Amasiyana pa kumene magetsiwo akuchokera. Ya batire imasunga magetsi amene mwatchaja, pamene ya hydrogen imanyamula mpweya wa hydrogen m'masilinda apadenga, wopanikizidwa kwambiri kufika 350 bar (bar ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), ndipo chipangizo chotchedwa fuel cell chimauphatikiza ndi okosijeni n'kupanga magetsi ulendo uli mkati. Ku ekizozi kumatuluka madzi okha.

Ubwino wa hydrogen sindiukana, pakuti kudzaza masilinda kumatenga mphindi 10 kapena 15 basi, pamene batire imafuna maola angapo. Vuto lake n'lakuti mpweyawu uyenera kupangidwa. Kupanga kilogalamu imodzi kuchokera ku madzi kumadya magetsi oposa 50 kWh (kWh imodzi ndi yuniti imodzi ya magetsi), ndipo basi yaikulu imatha makilogalamu pafupifupi 8 pa makilomita 100, kutanthauza magetsi oposa 400 kWh pa mtunda umene ya batire imayenda ndi 120 kWh kapena chapompo. Mzinda wa Montpellier ku France utawerengera zimenezi, mu 2022 unasiya pulani yogula mabasi 51 a hydrogen n'kusankha a batire. Kwathu kuno, kumene magetsi ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutaya magetsi ochuluka chonchi n'kosatheka kukuvomereza. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko litataya pafupifupi 130 MW. Onjezerani kuti malo opangira ndi omwetsera hydrogen mungafunike kumanga nokha ndi ndalama zakunja, ndipo muona chifukwa chake ndikuti nkhani ya hydrogen muiike pambali.

Njira zanu ndi zazifupi komanso zodziwikiratu, ndipo basi ya batire imakonda ntchito yotereyi. Muli ndi mwayi winanso umene eni minibasi alibe: mabasi anu akatula anthu m'mawa amaima mpaka madzulo, nthawi imene dzuwa likuswa mtengo, choncho mapanelo a sola padenga la depoti angathandize kutchaja masana m'malo modalira usiku wokha.

Koma musayambe ndi kugula basi. Yambani ndi depoti. Chaja imodzi ya basi imakoka 60 kW mpaka 150 kW, ndipo zikakhala ziwiri kapena zitatu pakamodzi pamafunika thiransifoma yanuyanu ndi magetsi a three phase (amphamvu, ngati a m'mafakitale), zimene muyenera kukambirana ndi a ESCOM musanalipire kalikonse kwa wogulitsa. Lembaninso kwa mwezi wathunthu makilomita amene basi iliyonse ikuyenda patsiku, kuti musagule batire yaikulu mopitirira muyeso, chifukwa ndiyo gawo lodula kwambiri pa basi yonse.

Eni mabasi odziwa ntchito sasintha onse tsiku limodzi. Amachotsa kaye yakutha kwambiri, imene imakhalitsa m'galaja kuposa pamsewu, n'kuikapo imodzi kapena ziwiri zatsopano, a dizilo abwinobwino n'kuwasunga kuti azitchinjiriza magetsi akathima. Mzinda wa Shenzhen ku China unafika pa mabasi amagetsi oposa 16,000 mu 2017, koma unatero patadutsa zaka zingapo, boma likuikapo ndalama zambiri. Chitsanzo choyandikana nafe ndi cha ku Nairobi, kumene kampani ya BasiGo imapereka mabasi kwa eni ake kuti azilipira malinga ndi makilomita amene ayenda, ndipo ndikulangizani kufunsa wogulitsa aliyense ngati angalole dongosolo lofanana nalo.

Pokonza, ntchito idzachepa, chifukwa palibe oilo wa injini, manozo kapena pampu ya dizilo, ndipo mabuleki amakhalitsa popeza mota imathandiza kuimitsa basi n'kubwezera magetsi m'batire. Komabe fumbi la mu Seputembala limatseka redieta yoziziritsa batire, ndipo batire yotentha imafooka msanga. Mawaya a mtundu wa olenji amanyamula magetsi a mavolti oposa 500, kotero makaniko wanu, ngakhale akhale katswiri wa dizilo, asawakhudze asanaphunzitsidwe ndi kupatsidwa magolovesi oyenera. Musanasaine, gwadani muone pansi pa basiyo kuti batire yatalikirana bwanji ndi nthaka, poganizira maenje ndi madzi a dzinja, ndipo chitsimikizo (walanti) cha batire ndi kupezeka kwa masipeya zilembedwe m'pangano.

Mukadzafuna kuyamba maulendo a ku Mzuzu kapena Blantyre, oposa makilomita 300, pitirizani kaye ndi dizilo kufikira mutatsimikiza kuti kumene mukupitako kuli chaja yodalirika.