Mame a m'paipi ya kompresa tiwatchule bwanji?

Funso: Ndimagwira ntchito yopopera magalimoto penti ndi mpweya wa kompresa. Tagula kachipangizo koonera madzi amene ali mumpweyawo, ndipo abwana akuti ndilembe malangizo ake m'Chichewa kuti anyamata ophunzira ntchito azitsata. Mutu ndalemba "Kukonza makina oyesa chinyontho mu gasi". Kodi uli bwino? Nanga dew point ndi purge ndizitchule bwanji?

Yankho: Mwachita bwino, bambo, kuwalembera anyamatawo m'chiyankhulo chimene amaganiziramo. Koma mutuwo tiuonenso.

Mnyamata akawerenga kuti "kukonza makina" aganiza kuti awonongeka, ndipo athamangira sipanala. Inu mukunena zochita munthu asanayambe ntchito, choncho lembani "kukonzekera kuyeza". Ndati kuyeza dala. Buku Lopatulika lili ndi "muyeso", ndipo si kulakwa, koma lero kuyesa kumatikumbutsa mayeso a kusukulu, pamene kuyeza ndi kwa sikelo ndi kuchipatala. Gasi ambiri amamudziwa wophikira. Wanuyo ndi mpweya. Chinyontho ndi chinyezi anthu amasinthanitsa, komabe ine chinyontho ndimachisiyira nthaka ya kudimba. Cha mumpweya ndi chinyezi. Mutu ukhale "Kuyeza chinyezi cha mumpweya ndi chipangizo cha m'manja", monga tinenera foni ya m'manja.

Dew point musaivutikire, mawu ake tili nawo kale: mame. Mumpweya mumakhala madzi osaoneka, nthunzi (samalani, mthunzi ndi wa pansi pa mtengo). Mpweya ukazizira kufika pena pake, nthunziyo imasanduka timadontho. N'zimene zimanyowetsa udzu m'mamawa, n'zimenenso zimachititsa botolo lochokera mufiriji kutuluka thukuta. Mlingo wa kuzizira umene mame amayambirapo ndiwo dew point, ndiye ine ndingati "poyambira mame". Lembani mawu onse awiri koyamba, popeza pachipangizopo aona Achingerezi.

Apa ndi pamene anyamata angasokonezeke. Nambala imene ikuoneka ili m'madigiri, ndipo ikamatsika ndiye kuti mpweya ukuuma. Makina oumitsa mpweya ogwira ntchito ngati firiji amafikitsa poyambira mame pa madigiri pafupifupi 3, pamene oumitsa ndi timibulu toyamwa chinyezi amafika pa -40. Nambala yachiwiriyi muiwerenge kuti "madigiri 40 kunsi kwa ziro", ndipo muwauze mosabisa kuti -40 ndi mpweya wouma kuposa -20. Mukangolemba kuti "chinyezi chili pa -40", wina adzaona 40 kukula n'kuganiza kuti madzi achuluka.

Mawu a purge ndi amene ndikuwaopa kwambiri. Ena angamasulire kuti "tsukani paipi", koma kwathu kutsuka kumafuna madzi, ndipo mnyamata womvera adzabwera ndi ndowa, kuthira madzi pachinthu chimene chikusaka kadontho kosaoneka ndi maso. Nenani chochitikacho: "Tsegulani vavu pang'ono, mpweya uyambe wadutsa m'paipi kuti uthamangitse chinyezi chotsalira." Muonjezere kuti paipi yolumikizira ikhale yaifupi, yachitsulo chosachita dzimbiri kapena ya pulasitiki ya mtundu wa PTFE, chifukwa yalabala imasunga chinyezi n'kumachitulutsa pang'onopang'ono, chipangizo n'kunamizira mpweya wouma kuti ndi wonyowa.

Pa kuwerenga, mneni wabwino ndi kukhazikika: "Musalembe nambala yoyamba kuoneka, dikirani ikhazikike." Mpweya wouma kwambiri umachedwetsa, pakuti kachitsulo komva chinyezi kamayenera kuyamba kauma kokha. N'chifukwa chake zipangizo zina zimasunga kachitsuloko m'kachipinda ka timibulu touma, tofanana ntchito ndi timapaketi timene mumapeza m'bokosi la nsapato zatsopano. Ngati chanu chili ndi kachipinda kotere, mzere womaliza wa malangizo anu ukhale wakuti: "Mukamaliza, bwezerani kachitsulo m'kachipinda kake kouma musanachotse paipi."