Misonkhano ya osindikiza mabuku a kuyunivesite: mupite kuti, mukonzekere bwanji?

Funso: Ndamaliza digiri yoyamba ndipo ndimathandiza akonzi a magazini ya kafukufuku kuyunivesite. Ndikufuna ntchito yosindikiza mabuku ndi magazini a maphunziro. Kodi misonkhano ya anthu a ntchitoyi ili ndi phindu, kapena ndikangowononga ndalama za makolo?

Yankho: Phindu lilipo, koma musanagule tikiti dziwani kuti kumeneku si kokawerengako zotsatira za kafukufuku wanu. Kumakumana akonzi, a laibulale, otsatsa mabuku ndi akatswiri a kompyuta, ndipo nkhani yawo ndi ya mmene cholembedwa chimayendera kuchoka kwa wolemba mpaka kwa wowerenga. Choncho sankhani msonkhano potengera ntchito imene mukuifuna.

Ngati mtima wanu uli pa mabuku, tsatirani bungwe la Association of University Presses, lomwe linayamba mu 1937 ndipo limakumana cha mu Juni. Ngati uli pa magazini, bungwe la Society for Scholarly Publishing, la mu 1978, limakumana ku America kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, pomwe la ALPSP (Association of Learned and Professional Society Publishers) limakumana ku Britain mu Sepitembala. Ku Charleston Conference, ku America mu Novembala, mukamva madandaulo a anthu a laibulale, omwe ndiwo amagula magaziniwa.

Ku Frankfurt Book Fair, ku Germany mu Okutobala, musathamangireko ulendo woyamba. N'chionetsero chachikulu cha masiku asanu, koma anthu a ntchito amafika atapangana kale nthawi yokumana, theka la ola aliyense, miyezi ingapo chisanayambe. Wongofika osapangana ndi munthu amazungulira m'maholo tsiku lonse, n'kubwerera ndi chikwama cha timapepala basi.

Pa za ndalama, musayambe ndi thumba la makolo. Society for Scholarly Publishing ili ndi thandizo la ophunzira ndi oyamba kumene ntchito: amakulipirirani msonkhano, amathandizapo pa ulendo, n'kukupatsaninso mlangizi wodziwa ntchito. Mafomu ake amatsekedwa miyezi ingapo msonkhano usanafike, ndiye onani masiku chaka chikamatha. Ambiri amagwa pa kalata. Amangolemba kuti amakonda mabuku, pomwe osankha amafuna kuona zimene manja anu amagwira. Lembani mwachindunji: mumalandira nkhani pa OJS (pulogalamu ya pa intaneti yoyendetsera magazini a kafukufuku), mumazitumiza kwa akatswiri awiri oziunika, mumakumbutsa ochedwa kuyankha, mumalembetsa ma DOI (manambala ozindikirira nkhani iliyonse pa intaneti) ku bungwe la Crossref. Kenaka tchulani vuto limodzi la magazini yanu lomwe mukufuna kukapezera yankho.

Akakusankhani, pemphani kalata yokuitanani tsiku lomwelo, chifukwa viza ikachedwa zonse zapita m'madzi. Ya Schengen, yolowera ku Germany ndi mayiko ambiri a ku Ulaya, mungaifunsire kutatsala miyezi isanu ndi umodzi.

Pulogalamu ikatuluka, sankhanimo anthu atatu okha, muwalembere mizere iwiri yopempha mphindi khumi. Nthawi yopumira musakhale pakona n'kumatokosa foni. Mbiri ya malo a ntchito imamveka pamenepo, osati pa nsanja. Mukabwerera, alembereninso sabata isanathe, mutchule chimene munakambirana kuti akukumbukireni.

Chenjerani ndi misonkhano yachinyengo. Imabwera ndi imelo yokutamandani ngati pulofesa, imasakaniza zamankhwala, zaulimi ndi zamalamulo m'chipinda chimodzi, imakuvomerani mawa lake, kenaka n'kufuna ndalama msangamsanga. Onani ngati bungwe lake n'lodziwika, ngati pulogalamu ya chaka chatha ikupezeka, ndiponso ngati olankhula otchulidwawo alembadi za msonkhanowo pa masamba a mayunivesite awo. Mafunso a pa tsamba la pa intaneti la Think. Check. Attend. anapangidwira zomwezi.

Thandizo likapanda kupezeka chaka chino, musakongole ndalama. Crossref imachititsa misonkhano yaulere pa intaneti, ndipo PKP School, sukulu ya pa intaneti ya opanga OJS, ili ndi maphunziro aulere a OJS. Malizani amodzi, muwalembe pa CV, mudzafunsirenso chaka chamawa.