Funsani Amalume: Ine ndimakumba miyala, ena amangondiphulitsa

FUNSO: Amalume, ndimakhala ku Chawama ndipo ndimakonza mafoni pafupi ndi msika wa Soweto. Ndikaweruka ndimasewera EVE Online, masewera a pa intaneti a zombo za m'mlengalenga, pa laputopu yakale. Ndewu sindiikonda. Ndimakumba miyala ya Veldspar, kuiyenga, n'kukagulitsa ku Jita, msika waukulu wa m'masewerawa. Mwezi watha ndinadzimana, ndinalipira Omega, umembala wolipira wa masewerawa, n'kugula Retriever, chombo chokumbira miyala. Sabata isanathe anyamata asanu a tizombo tankhondo ta Catalyst anandipeza m'dera la 0.5 (nambala ya chitetezo cha dera; 1.0 ndiyo yapamwamba), anandiphulitsa, n'kundilembera kuti zikomo. Apolisi a CONCORD pomafika n'kuti zanga zitatha. Mnzanga wa ku Matero amene amakhala ku null-sec, madera opanda apolisi, amapeza usiku umodzi zimene ine ndimavutikira masiku angapo. Kodi masewerawa anapangira okonda ndewu okha? Ndisiye?
Wokumba miyala, Chawama

YANKHO: Mphwanga, pepa. Chombo changa choyamba chodula chinapita chimodzimodzi, ndipo usiku umenewo nsima sinalowe, moti azakhali ako anayesa kwagwa zovuta kumudzi ku Katete.

Tiyambe ndi apolisiwo. CONCORD si alonda ako. Ntchito yawo ndi kulanga, osati kutchinjiriza. Wowombera mnzake mu high-sec (madera a 0.5 mpaka 1.0) popanda chilolezo chombo chake chimaphulitsidwa ndithu, inshuwalansi salandiranso. Anyamata aja amadziwa zonsezo ndipo amachita kuwerengera: Catalyst ndi yotchipa, apolisi amafulumira mu 1.0 koma amachedwerapo mu 0.5, ndiye masekondi ochepawo akukwanira? Iwe unatenga Retriever, ya mimba yaikulu koma khungu lopyapyala, n'kukaiimika pamene apolisi amachedwa kwambiri. Procurer, chombo china chokumbira, imanyamula zochepa, koma ndi yolimba moti achiwembu ambiri akaiona amapitirira kukasaka wofewa.

Tsopano funso lako lenileni. Kampani ya CCP Games ya ku Reykjavik, Iceland, inatulutsa masewerawa mu 2003, ndipo ife tonse, wa ku Chawama ndi wa ku London yemwe, timakumana pa seva imodzi yotchedwa Tranquility. Pafupifupi chombo chilichonse chimene umadutsana nacho chinapangidwa ndi wosewera mnzako, ndipo tritanium, chitsulo chopangira zombozo, amachokera m'miyala ngati imene umakumbayo. Chikaphulika, chapita. Taganiza za pa benchi pako paja. Mafoni akanakhala kuti sagwa, salowa madzi, sikirini siisweka, ukanadya chiyani? Wogula miyala yako ku Jita amagula chifukwa kwinakwake zombo zikupsa. Ngakhale ma Catalyst asanu aja anapsa, ndipo eni ake mawa lake anali pamsika.

Mu January 2014, gulu lina litalephera kulipira bilu ya dera lotchedwa B-R5RB, kunabuka nkhondo ya maola pafupifupi 21. Zombo zikuluzikulu za mtundu wa Titan zokwana 75 zinatha, ndipo katundu yense wowonongeka anamuyerekeza ndi madola pafupifupi 300,000. Nkhani imene inamveka ndi ya omenyanawo, koma zombo zimenezo zinamangidwa ndi anthu ngati iwe, okhala phee kutsogolo kwa mwala usiku ndi usiku.

Za mnzako wa ku Matero, ukamufunse bwinobwino. Null-sec ilibe apolisi, n'chifukwa chake miyala ndi mphotho zake n'zonenepa. Koma mnzakoyo amadula msonkho ku gulu lake, amadzutsidwa pakati pa usiku kuti akateteze malire, ndipo gululo likagonja amasamuka ngati wothawa nkhondo. Amakuuza za usiku umene anakolola. Za usiku umene anabwerera chimanjamanja sanena, ngati mmene amachitira obetcha mpira.

Sindikunena kuti sikelo ya masewerawa ndi yolungama. Eni masewerawa akhala akuigwedeza zaka zonsezi. Mu 2007 analemba ntchito katswiri weniweni wa zachuma, Eyjólfur Guðmundsson, kuti aziyang'anira msika wa ISK, ndalama ya m'masewerawa, ndipo mpaka lero kampaniyo imatulutsa lipoti la chuma mwezi ndi mwezi. Mu July 2019 anaona kuti null-sec yasanduka munda wolima mosatekeseka, ndiye anachotsa mndandanda umene umaonetsa amene alowa m'dera lako. Alenje anavina, okumba ndi osaka ndalama ambiri anangozimitsa makompyuta, ndipo pofika September anaubwezeretsa. Mu 2020 anachepetsa miyala kuti chuma chisasefukire, zombo zikuluzikulu zinakwera mtengo, anthu n'kuyamba kuumira nazo osapita nazo kunkhondo. Akakondweretsa uyu, uyo amalira. Kulinso khonsolo ya osewera, CSM, imene imasankhidwa ndi mavoti kuyambira 2008, koma mipando yambiri imapita kwa magulu akuluakulu a ku null-sec chifukwa amavota mogwirizana. Wokumba yekhayekha ngati iwe nthawi zambiri savota n'komwe. Apa ndiye ndimaona kuti dandaulo lako lili ndi mutu.

Koma pali china chimene sikelo ya ku Reykjavik siingayeze: magetsi athu. Ukukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene tinkakhalira mumdima maola ambirimbiri. Batire la laputopu yakale siligwira, bandulo imatha osatsanzika. Ukaduka pa intaneti uli pa ndewu ndi wosewera wina, chombo chako chimakhalabe m'mlengalenga mphindi 15, aliyense atha kuchipeza. Ngozi imeneyo ifeyo timaisenza mwaulere, palibe ISK yowonjezera imene amatipatsa. Ine ndinaphunzira mowawa, tsiku lina magetsi atazima ndili pa geti lolowera ku low-sec, madera a chitetezo chochepa, ndi katundu wa mwezi wathunthu. Ndinakhala mumdima nditagwira mbewa ya kompyuta ngati ingathandize.

Ndiye sankha kasewero kogwirizana ndi Chawama. Maluso amapitiriza kuphunziridwa ngakhale wazimitsa. Maoda a pamsika amagula ndi kugulitsa uli mtulo. Ntchito za fakitale ndi za pa mapulaneti zimayenda zokha. Munthu wodziwa kugula foni yakufa motchipa n'kuigulitsa itadzuka sangalephere malonda a ku Jita. Miyala yakoyo, m'malo moigulitsa yonse, yesako kupangira zipolopolo ndi tizombo ting'onoting'ono, inde ngakhale ma Catalyst, uziwagulitsa kwa omwewo.

Kukumbako usasiye ngati kumakusangalatsa. Enafe timapumulirapo, wailesi ikulira chapansipansi. Koma lowa gulu la okumba, amene amatuluka limodzi ndi chombo cha Orca kapena Porpoise chowonjezera liwiro la kukumba, ndipo wina amakhala akuyang'ana amene alowa m'dera. Ukafuna kulawa za low-sec, tenga Venture, kachombo kotchipa kokumbira, kamene kakapsa sudandaula. Ndipo kumbukira kuti seva imatsekedwa kanthawi tsiku lililonse 13:00 nthawi ya kuno, nthawi imene uli kuntchito kale.

Retriever ina usagule mwezi uno. Gula Procurer, uiveke zodzitetezera osati zokumbira zokhazokha, usamukire ku dera la 0.7 kutali ndi njira ya ku Jita, ndipo ukandilembere mwezi wamawa kuti zayenda bwanji.
Amalume