Mafunso Anu: Namondwe Akamasendera Kugombe

Nyengo ya anamondwe m'chigawo chathu cha nyanja ya India imayamba pa 15 Novembala mpaka kumapeto kwa Epulo. Anamondwe otchedwa Ana, Gombe, Idai ndi Freddy onse anatipweteka pakati pa Januwale ndi Malichi. Nawa mafunso amene mwatumiza mwezi uno.

Ndimayendetsa thiraki ya mafuta pakati pa Blantyre ndi Beira. Pafoni ndimaona mapu a namondwe okhala ndi mzere wa njira yake, komanso chithunzi chotambasuka ngati nyanga ya ng'ombe. Beira ikakhala kunja kwa nyangayo, ndinyamuke? — Dalaivala, Limbe

Musanyamuke msanga, achimwene. Nyangayo ikungosonyeza malo amene pakatikati pa namondwe pangadutse, sikusonyeza kukula kwake. Ikutambasuka kutsogolo chifukwa za mawa zimaloseka bwino kuposa za masiku asanu akudzawo. Mvula ndi mphepo zimafika makilomita mazanamazana kuchokera pakatipo, choncho mzinda ukhoza kukhala kunja kwa nyanga koma madenga n'kumasasuka.

Amene amalondola anamondwe a kuno ndi a Météo-France a pachilumba cha La Réunion, ndipo amatulutsa uthenga watsopano maola 6 aliwonse. Nthawi amailemba mu UTC, yomwe ndi nthawi yogwirizana dziko lonse lapansi, inu muziwonjezerapo maola awiri: 06 UTC ndi 8 koloko m'mawa kwathu kuno ndi ku Mozambique komwe. Machenjezo a ku Mozambique amachokera ku nthambi yawo ya zanyengo ya INAM, a kuno ku nthambi yoona zanyengo ya DCCMS. Mapu okongola a pa tsamba la zanyengo la Windy ndi zimene kompyuta ikuganiza pa ola limenelo, ndipo zimasintha. Chithunzi cha pa WhatsApp chopanda tsiku ndi ola musachiwerengere n'komwe, ena amatumiza cha chaka chatha.

Pa uthenga uliwonse lembani zinthu zitatu: pamene ali, liwiro limene akuyendera, ndi nambala ya hPa, yomwe ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya pakati pake. Nambala imeneyi ikamatsika, namondwe akukula mphamvu. Ngati ali pa makilomita 600 kuchokera kugombe ndipo akuyenda makilomita 15 pa ola, pakati pake pafika pakatha maola 40. Chotsanipo theka la tsiku kapena kuposerapo, chifukwa mphepo imatsogola.

Pali china chimene ambiri sachidziwa. Kuno kummwera kwa dziko lapansi namondwe amazungulira monga umayendera muvi wa wotchi. Akamalowa ku Mozambique kuchokera kunyanja, mphepo ya mbali ya kummwera kwa diso lake, kutanthauza pakatikati pake, ndiyo imakankhira madzi a m'nyanja kumtunda. Ndiye ngati mzere ukudutsa kumpoto pang'ono kwa Beira, Beira ili kumbali yoipa. Zikakumana ndi nthawi imene nyanja yadzaza, makamaka mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, madzi amalowa mumzinda, poti malo ambiri a Beira ndi otsika kwambiri.

Idai analowa pafupi ndi Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019. Mphepo itatha, mitsinje ya Pungwe ndi Buzi inasefukira, msewu wa EN6 wochokera ku Beira kupita ku Chimoio unaduka, ndipo mzindawo unakhala masiku angapo osafikika pagalimoto. Ife tinganene kuti kukatsala masiku awiri kuti namondwe afike musapitirire Chimoio. Ngati muli kale kudoko, tulukani msewu ukadali wotseguka.

Wailesi imanena nthawi zina kuti namondwe wachepa mphamvu atalowa kumtunda. Nanga n'chifukwa chiyani amatiuzabe kuti tisamuke? — Mayi wa ana anayi, Nchalo

Mayi, mphamvu imene akunenayo ndi ya mphepo yokha. Namondwe amadya kutentha kwa madzi a m'nyanja, ofunda madigiri 26 kapena kuposa, ndiye akafika pamtunda mphepo imafooka. Koma mitambo imene wasenza imakhalapobe, ndipo ikagunda mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Zomba imakhuthula zonse.

Mayina a magulu amatengera mphepo basi: kuyambira makilomita 63 pa ola amapatsidwa dzina, kuyambira 118 ndiye namondwe weniweni, kuyambira 166 ndi woopsa kwambiri. Namondwe Ana wa mu Januwale 2022 sanafike n'komwe pa 118, koma anawononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala pa mavuto a magetsi kupitirira chaka. Kwa inu a kuchigwa, namondwe woyenda pang'onopang'ono ndi woopsa kuposa waukali wodutsa mothamanga, chifukwa amakhuthulira mvula pamalo amodzi.

Madzi amene amamiza Nchalo, Bangula ndi Makhanga si a mvula ya pakhomo panu ayi. Amachokera kumtunda kudzera mu Mwanza, Ruo ndi Shire, ndipo atha kufika usiku kwanuko kutachita kale nyenyezi. Akomiti ya zangozi ya m'mudzi akaliza wezulo, musayang'ane kumwamba.

Komanso musaleke kumvetsera wailesi poti walowa kumtunda. Freddy analowa pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale 2023, anabwerera m'nyanja, n'kudzalowanso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Ulendo wachiwiriwo ndi umene unatiliza. Anakhala masiku 36, motalika kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo.

Ndaika miyala ndi matayala padenga la malata. Zikwana? — Bambo wa ku Mulanje

Matayala ndi miyala zitsitseni, bambo. Mphepo ikakula zimagwera anthu. Denga silikankhidwa pansi, limayamwidwa m'mwamba, ndipo limayamba kusasuka m'makona ndi m'mphepete. Pamenepo khomani msomali wa malata pa msana uliwonse wa lata, osadumphadumpha, ndipo ukatulukira kunsi kwa mtanda muupinde. Koma misomali ilibe ntchito ngati mitengo ya denga inangosanjikidwa pakhoma: denga lonse limanyamuka ngati chipewa. Mangani phaso lililonse ndi waya wokhuthala, woboola khoma mizere itatu kapena inayi ya njerwa kutsika pansi. Mtengo wodyedwa ndi chiswe sugwira msomali, usintheni.

Nyumba zambiri za kwanuko zimagwa ndi madzi, osati mphepo. Khoma la zidina, kapena la njerwa zowotcha zomangira dothi, likanyowa masiku atatu limasungunukira kunsi. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba yopatutsa madzi, kwezani dothi m'mphepete mwa khoma, ndipo khoma loyang'ana kumene mvula ikuchokera mulitchinge ndi pepala la pulasitiki. Mukaona khoma ladetsedwa ndi chinyezi mpaka m'chiuno, ana asagonenso m'mbali mwake.

Tepi pagalasi la windo ndi kungotaya ndalama. Khomanipo thabwa kunja.

Akuti mphepo imatha kuleka mwadzidzidzi kenaka n'kuyambiranso. Zoona? — Wophunzira, Quelimane

Zoona. Limenelo ndi diso la namondwe. Kumakhala bata kwa mphindi zochepa, mwina ola, kenaka mphepo imabwerera ndi ukali womwewo kuchokera mbali inayo, n'kugwetsa zimene zinatsala zitagwedezeka. Musatuluke kukatola malata.

Timakhala m'munsi mwa phiri. Tidziwa bwanji kuti nthawi yothawa yakwana, ndipo tinyamule chiyani? — Wowerenga, Chilobwe

Inu a ku Chilobwe mukudziwa zimene phiri la Soche linachita mu Malichi 2023, ndipo a ku Phalombe akukumbukira napolo wa 1991. Freddy anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena oposa 500 sanapezeke. Malo ena ku Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndiye ganizirani migolo isanu ya malita 200 itakhuthulidwa pa kamalo kochepa kuposa mphasa, phiri lonse.

Zizindikiro zilipo: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo ndi mapolo a magetsi kupendekeka, madzi kutumphuka pamene sipanakhalepo kasupe, mtsinje kusanduka matope, kapena kuphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe. Chomalizachi n'choopsa kwambiri, chikutanthauza kuti kumtunda kwatsekeka ndipo kuphulika. Mukamva mkokomo ngati wa thiraki, thawirani chammbali, osati kutsetsereka ndi khwawa.

Koma kunena zoona, zizindikirozi usiku simungazione, ndipo zimapereka mphindi zochepa. Ngati nyumba ili m'khwawa kapena pansi pa malo otsetsereka, chokani masana, tsiku limene DCCMS ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA achenjeza za mvula yamphamvu m'boma lanu. Agogo, amayi oyembekezera, olumala ndi ana atsogole. Gwirizanani lero kumene mukagone, kaya kwa achibale, kusukulu kapena kutchalitchi, ndi njira yosawoloka mtsinje. Madzi othamanga ongopitirira m'kakolo, masentimita 15, amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Mbuzi ndi ng'ombe muzimasule, zomangirira zimafera pachingwe.

Chikwama chikhale chimodzi, chonyamulika ndi mwana kumsana. M'jumbo yomanga bwino muikemo ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, masatifiketi ndi mapepala a malo. Mankhwala a tsiku ndi tsiku, ma ARV, a BP, a shuga, a TB, akhale okwana milungu iwiri. Onjezani tochi, wailesi ya mabatire, foni yotchaja, machesi, bulangete, neti, ndi chakudya chosalira moto monga chiponde, mtedza wokazinga ndi mabisiketi. Ndalama zina mutape zikhale m'manja, chifukwa netiweki ikagwa za pafoni sizituluka.

Madzi akumwa tisunge ochuluka bwanji? — Mayi wa ku Nsanje

Akumwa okha, malita atatu pa munthu patsiku. Banja la anthu asanu ndi mmodzi likufunika zigubu zitatu za malita 20 kuti lidutse masiku atatu, ndipo ophikira ndi apadera. Tungani namondwe asanafike, chifukwa zimbudzi zikasefukira zitsime zimaipa, mipope nayo imaduka. Freddy anatipeza tili kale pa mliri wa kolera.

Madzi otunga pambuyo pake muwasefe ndi nsalu yoyera, muthire kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard pa malita 20, tiwiri ngati ali odera, ndipo mudikire mphindi 30. Mankhwala akasowa, awiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu. Mbaula yowiritsirayo ikhale pakhonde: utsi wa makala m'nyumba yotseka mawindo umapha anthu ali m'tulo, chimodzimodzi wa jenereta. Wina akayamba kutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala.