Amalume ayankha za bambo woseka ndi nyuzipepala uja

Eee, moni nonse m'gulu muno. Mphwanga, chithunzi waponya chija ndachiona, ndi funso lako loti bambo wamagalasi akusekayo ndi ndani, nanga zimene zalembedwa pa nyuzipepala wanyamulayo zikanakhala zoona zinthu zikanayenda bwanji. Ndikuyankha ndi mawu, umvetsere mpaka kumapeto chifukwa nkhani imeneyi ndimaikonda kwabasi.

Ameneyo ndi Harry Truman, pulezidenti wa America. Nyuzipepalayo ndi Chicago Daily Tribune ya pa 3 Novembala 1948, patangopita zaka zitatu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Zilembo zikuluzikuluzo zikuti Dewey wagonjetsa Truman. Ndiye taona, amene akumunena kuti wagwayo ndi yemweyo waikweza m'mwamba, mano onse pamtunda, poti chisankhocho anali atapambana! Anamujambula pa siteshoni ya sitima ku St. Louis, ali pa ulendo wobwerera ku Washington.

Komatu a Tribune sanali okha. Dziko lonse linali litagula mbereko mwana asanabadwe. Thomas Dewey anali bwanamkubwa wa New York, wa chipani cha Republican, ndipo akafukufuku onse otchuka ankati mpando ndi wake. Mmodzi mwa iwo, Elmo Roper, analeka kufunsa anthu mu Seputembala, ati palibenso chofunsa. Magazini ya Newsweek inafunsa atolankhani a ndale 50 kuti apambana ndani, onse 50 anati Dewey. A Life ndiye anachita kusindikiza chithunzi cha Dewey ali m'boti, pansi pake n'kulemba kuti uyu ndi pulezidenti wotsatira. Ndipo sankanena za m'mutu, chifukwa chipani cha Truman chinali chitang'ambika patatu, ena atatsatira Henry Wallace, ena akum'mwera, odana ndi ufulu wa anthu akuda, atatsatira Strom Thurmond.

Tsono chinawapweteka a Tribune ndi sitalaka. Antchito awo otchera zilembo pa makina anali atanyanyala ntchito kwa pafupifupi chaka, ndiye nkhani ankazitayipa pa makina otayipira, n'kuzijambula, kenako n'kupita nazo kosindikiza. Zimenezo zinkadya nthawi, choncho pepala loyamba linayenera kutsekedwa mavoti ambiri asanawerengedwe. Mtolankhani wawo wamkulu wa ku Washington, Arthur Sears Henning, anati musade nkhawa, ndi Dewey ameneyu. Basi, analemba. Makope pafupifupi 150,000 anatuluka. Phuma lake linali loti pa tsamba loyamba lomwelo mizere isanu inasindikizidwa chadodolido, yowerenga utatembenuza pepala. Atazindikira kuti zavuta, anatuma anthu kuti akatolere mapepalawo kogulitsa, koma ambiri anali atafika kale m'manja mwa anthu.

Mwini wake Truman usiku umenewo anazemba atolankhani, n'kukabisala ku hotela ina ku Excelsior Springs, kwawo ku Missouri. Anadya buledi wa nyama, kumwa mkaka, n'kugona. Pakati pa usiku anadzuka, wailesi ikuti inde akutsogola koma agwa mavoti akumidzi akafika. Anagonanso. Podzuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, mavoti akumidziwo ndi amene anali akumukweza. Mbali imeneyi ndi imene imandikhudza ine, mphwanga. Chaka chimenecho chimanga chinacha kwambiri ku America, mtengo n'kugwa, ndipo nyumba ya malamulo, imene inali m'manja mwa a Republican, inali itaimanga manja boma pa nkhani yomanga nkhokwe zosungiramo mbewu. Truman anayenda pa sitima dera ndi dera, kuima pa timasiteshoni ting'onoting'ono, kuwauza alimi maso ndi maso kuti amene wakupwetekani ndi uyu. Alimi anamva. Atolankhani a m'tauni sanapite kukawafunsa.

Tsopano funso lako lenileni, loti zikanakhala zoona. Usaone ngati zinali kutali. Pa mavoti a zigawo, amene ndi amene amasankha pulezidenti kumeneko, Truman anapeza 303, Dewey 189, Thurmond 39. Koma ku Ohio Truman anangopambana ndi mavoti pafupifupi 7,000 okha, ndipo ku California ndi ku Illinois nakonso kunali pang'onong'ono. Zigawo zitatuzo zinali ndi mavoti 78. Uwonjezere pa 189 uja, upeza 267, pomwe ofunika anali 266. Bwenzi lero a Henning tikuwatchula mneneri, chithunzi chakocho kulibe, ndipo mizere yadodolido ija palibe akanaikumbuka.

Ndiye tiye tiyerekeze. Wachiwiri kwa Dewey pa chisankhocho anali Earl Warren, bwanamkubwa wa California. Akanapambana, bwenzi Warren ali wachiwiri kwa pulezidenti, akuyendera maliro ndi maphwando a boma. Koma poti anagwa, mu 1953 anasankhidwa kukhala mkulu wa khoti lalikulu, ndipo mu 1954 khoti lake linagamula, majaji onse asanu ndi anayi mogwirizana, kuti kupatula ana akuda ndi azungu m'sukulu za boma n'kulakwira malamulo. Kodi pa mpando umenewo pakanakhala wina, chigamulo chikanatuluka chonchi? Mtima wanga umati mwina chikanachedwa, ndipo ana ambiri akanavutika zaka zina. Dewey yemweyo, atalephera, ndi amene anathandiza kukankha Dwight Eisenhower, mkulu wa asilikali wa pa nkhondo yachiwiri ija, kuti aimire chipani mu 1952, ndipo anapambana upulezidenti. Akanakhala kuti ali pa mpando, bwenzi akudziimira yekha kachiwiri, Eisenhower mwina akanangokalamba ngati mkulu wa asilikali wopuma. Kulinso mfundo yachinayi mwa mfundo zinayi zimene Truman analengeza polumbira mu Januwale 1949, yoti America izitumiza akatswiri a ulimi ndi zaumoyo ku maiko osauka. Thandizo lambiri la boma la America limene maiko athu ano alandira, muzu wake wina uli pa mawu amenewo. Dewey akananena zake zina tsiku limenelo.

A Washington Post ndiye anavomera kulakwa mosangalatsa. Anapachika chikwangwani pa nyumba yawo chouza pulezidenti kuti ali okonzeka kudya nyama ya khwangwala tsiku lililonse angawagawire, poti ku America kudya khwangwala ndi chining'a cha kuvomera kuti walakwitsa. Tangoganiza, akonzi a nyuzipepala ovala masuti atazungulira mbale ya khwangwala!

Usanatseke, imvanso iyi ya zaka zomwezo. Pa 8 Julayi 1947, nyuzipepala ya ku Roswell, ku New Mexico, inalemba kuti asilikali a m'ndege agwira chimbale chouluka pa famu ina. Ndipo anali asilikaliwo eni ake amene anatulutsa uthengawo. Tsiku silinathe, mkulu wawo Roger Ramey anati ayi, ndi chibaluni choonera nyengo. Mu 1994 ndi pamene anaulula kuti chinali chibaluni cha ntchito yachinsinsi, Project Mogul, chomvetsera ngati a Soviet Union akuyesa mabomba a nyukiliya. Ikanakhala yoona imeneyo, bwenzi Truman ndi Dewey akukangana kuti alendo ochokera kumwambawo avotera chigawo chiti! Koma a ku Roswell sanaluze kanthu. Mpaka lero ali ndi nyumba yoonetsera zinthu za alendo akumwambawo, chaka chilichonse mu Julayi amachita chikondwerero, ndipo magetsi a m'misewu anawajambula maso akuluakulu akuda, alendo n'kumabwera kudzasiya ndalama.

Basi, ndalekera pomwepa. Upereke moni kwa mayi ako, uwauze kuti ndiwaimbira Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.