Musanasonkherane kugula sprint car ija, funsani za injini

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati mwaona sprint car, galimoto yaing'ono yamphamvu ya mpikisano wa pa bwalo ladothi lozungulira, yogwirapo kale ntchito, ikugulitsidwa pamodzi ndi injini ya 410, mtengo wake ukuoneka wofikirika, ndiye mukufuna kusonkherana ndi anzanu awiri kuti muzikapikisana Loweruka lililonse kumeneko ku Indiana, ku America. Mukufunsa ngati mphoto zingamabweze ndalama zomwe mukulowetsa. Sizingabweze, achimwene. Koma njira yolowera m'masewerawa ilipo, kungoti siyambira pa galimoto imeneyo.

Musanafunse china chilichonse, mufunseni mwiniwakeyo kuti injiniyo yathamanga mausiku angati chichokere kwa amene anaimanga, ndipo akuonetseni mapepala ake. Anthu a sprint car sawerenga makilomita, amawerenga mausiku kapena maulendo ozungulira bwalo. Akayamba kuzungulira pakamwa, kapena akangoti "ikulira bwino, imvani nokha", dziwani kuti mtengo wotsikawo uli ndi chifukwa. Injini yotopa imalira bwinobwino mpaka tsiku lomwe idzaphulike.

Nambala ya 410 ija ndi kukula kwa injini m'makyubiki inchi, pafupifupi malita 6.7. Ndi V8 ya buloko ya aluminiyamu, imamwa methanol osati petulo, ndipo imatulutsa mphamvu ya mahosipawa pafupifupi 900. Galimoto yonse pamodzi ndi dalaivala, mwa malamulo a World of Outlaws, gulu lalikulu la mipikisano ya sprint car ku America, siyenera kuchepera mapaundi 1,425, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 646. Ilibe sitata, ilibe kilatchi, ilibe giyabokosi yosinthira monga timadziwira. Imachita kukankhidwa ndi galimoto ina kuti ilire, ndipo ikalira mphamvu imapita molunjika kumatayala akumbuyo. Injiniyo imazungulira maulendo opitirira 8,000 pa mphindi, m'fumbi ndi m'matope. Chitsulo chilichonse m'katimo anachipepuza mwadala kuti galimoto ithamange, ndipo chitsulo chopepuka chimatopa msanga.

Injini yotere yatsopano, kuchokera kwa omanga odziwika monga Kistler ku Fremont, Ohio, imadutsa madola 60,000. Koma chomwe chimagwetsa anthu si mtengo wogulirawo. Injiniyi ili ngati mayunitsi a magetsi: ukangoiliza yayamba kutha, ndipo akatha uyenera kukagulanso, ufune usafune. Matimu akuluakulu amaibweza kwa omanga ikathamanga mausiku khumi kapena kupitirirako pang'ono. Kumeneko amaimasula yonse, kuyeza kilankishafuti ndi makonirodi ngati ayamba ming'alu yosaoneka ndi maso, kusintha mapistoni, maring'i, mabering'i, masipuling'i a mavalavu, nthawi zina mavalavu enieniwo, omwe ena ndi a titaniyamu. Ovaholo imeneyi ikadutsa madola 10,000 palibe amene amadabwa, ndipo imeneyo ndi ya injini yomwe sinawonongeke kalikonse.

Tiyerekeze, kungoti masamu aoneke, kuti ovaholo yanu ndi madola 12,000 ndipo mwaithamangitsa mausiku 12. Ndiye kuti usiku uliwonse mwadya madola 1,000 a injini yokha, musanagule tayala, musanathire mafuta, musanalipire pageti. Ndalamayi sioneka usiku womwewo, n'chifukwa chake anthu atsopano amaganiza kuti zinthu zikuyenda. Imadzabwera yonse pamodzi pakati pa chaka, ndipo galimoto zambiri zimathera pomwepo, zitaphimbidwa ndi lona m'galaja.

Mwina muti muzingoikoka mpaka mausiku 25. Alipo amatero, ndipo ena zimawayendera, makamaka kwanuko. Indiana ndi kwawo kwa sprint car zopanda phiko, za bungwe la mipikisano la USAC ndi mabwalo monga Kokomo, Bloomington, Lawrenceburg ndi Haubstadt. Popanda phiko galimoto imaterereka, dalaivala amaponda ndi kubweza phazi, ndiye injini imapumako. Ya phiko lalikulu pamwamba ija imakanikizidwa pansi ndi mphepo, moti pabwalo lalikulu lonyowa bwino dalaivala amatha kuzungulira osachotsa phazi, ndipo injini imazunzika kwambiri. Koma ngakhale yopanda phiko, kukoka ovaholo ndi juga. Sipuling'i imodzi ikathyoka, valavu imagwera pa pistoni. Konirodi ikaduka imaboola buloko n'kutulukira kunja, oyilo mbwee pabwalo. Buloko ya aluminiyamu nthawi zina imawotchereka, koma zomwe zinali m'katimo zapita, ndipo bilu yomwe mumathawa ija yabwera yochulukitsa kangapo.

Ntchito yeniyeni ya timu imachitika m'mawa wotsatira. Mumatsuka matope onse, kenaka mumatsegula zivindikiro za pamwamba pa injini n'kuyamba kuona masipuling'i imodzi imodzi, n'kuyeza mpata wa valavu iliyonse ndi timapepala tachitsulo tija. Mpata ukasintha kwambiri pa valavu imodzi poyerekeza ndi dzulo, china chake chayamba kudyeka m'katimo, musaunyalanyaze. Kenaka mumatsegula sefa ya oyilo n'kupita nayo padzuwa. Mukaona tinthu tonyezimira ngati mchenga wagolide, amenewo ndi mabering'i akukutsanzikani, ndipo injiniyo isalirenso mpaka womanga aione. Amene amachita zimenezi mokhulupirika ndi amene injini zawo zimakhalitsa, ndipo zimangofuna nthawi ndi maso, osati ndalama.

Methanol naye ali ndi khalidwe lake. Amatha pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi petulo pa ntchito yofanana. Amakoka chinyezi cha mumpweya, amadya aluminiyamu ndi malabala, moti mukaisiya galimoto sabata yathunthu osatsuka njira za mafuta, pampu ndi timanozo mudzazipeza zitachita zoyerayera n'kutsekeka. Nozo imodzi ikatsekeka, silinda imeneyo imalandira mafuta ochepa, imatentha, pistoni n'kusungunuka. Amatsikiranso mu oyilo n'kumusungunula, ndiye oyilo amasinthidwa pafupipafupi. Ndipo moto wake masana suoneka bwino, choncho suti yosagwira moto, magolovesi, chipewa cholimba, chogwira khosi ndi mpando wotchinga mutu si zinthu zoti mugule zotchipa kapena zotha ntchito. Pamenepa pokha ndikukupemphani, musakambirane n'komwe zochepetsa.

Matayala ndiye mabwalo ambiri amalamula Hoosier, kampani ya kwanu komweko ku Lakeville, kufupi ndi South Bend. Lakumbuyo kumanja ndi lalikulu kuposa lakumanzere, kuti galimoto izikhota yokha, ndipo limodzi ndi madola mazana angapo. Bwalo likauma n'kuyamba kugwira labala, tayala latsopano limatha usiku umodzi. Mufunikanso akumanzere osiyanasiyana kukula, chifukwa kusiyana kwa matayala awiriwo kumasinthidwa malinga ndi mmene dothi lilili ola limenelo. Onjezani thirela, galimoto yokokera ndi dizilo wake, magiya akumbuyo osiyanasiyana a mabwalo osiyanasiyana, mashoko, ndi ndalama yolowera kumalo okonzera galimoto, yomwe amalipira munthu aliyense payekha, ngakhale amene wangobwera kudzagwira sipanala.

Nanga kugubuduka. Matayala a sprint car ali pamtunda, ndiye lanu likakwera la mnzanu, galimoto imauluka. Dalaivala watsopano adzagubuduka ndithu, si nkhani ya mwina. Usiku umenewo mumataya ekiselo yakutsogolo, mawilo, mashoko, phiko ngati lilipo, nthawi zina felemu yonse. Felemu za Maxim kapena Triple X n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi injini, n'chifukwa chake mumaona galimoto zopanda injini zikugulitsidwa motchipa paliponse. Zimakopa maso, koma mbali yodulayo ndi yomwe palibepo.

Tsono za mphoto. Ku World of Outlaws, gulu lomwe Ted Johnson anayambitsa mu 1978, mpikisano wamba unkapatsa wopambana madola 10,000 kwa zaka zambiri. Pali mausiku akuluakulu, monga Knoxville Nationals ku Iowa mu Ogasiti, komwe wopambana amatenga kupitirira madola 150,000, ndiponso mu 2023 Logan Schuchart anatenga kupitirira miliyoni imodzi usiku umodzi ku Eldora, bwalo la Tony Stewart ku Ohio. Zimenezo ndi zomwe timaona pa intaneti. Koma amene amawina ndi mmodzi, pa galimoto zoposa makumi awiri zomwe zalowa mu A-Main, mpikisano waukulu womaliza wa usikuwo, ndipo ena ambiri amathera mu B-Main, wolimbirana malo otsala mu A-Main, n'kubwerera ndi ndalama yosakwana tayala. Pabwalo la m'dera, amene wamaliza kumapeto amalandira madola mazana ochepa. Ikani pambali pa madola 1,000 aja, muone nokha.

Matimu akuluakuluwo nawonso sakhalira mphoto zokha. Amayamba ku Volusia, Florida, mu Febuluwale n'kukamalizira ku Charlotte mu Novembala, mausiku ochuluka zedi pamsewu, ali ndi injini zingapo zosinthana: ina m'galimoto, zina m'thirela, zina kwa womanga. Brad Sweet atatenga ukatswiri wa World of Outlaws kasanu motsatizana kuyambira 2019 mpaka 2023 anali m'galimoto ya Kasey Kahne yolembedwa dzina la NAPA, kampani yogulitsa zipangizo za galimoto, mbali zonse. Maina a makampani pa phiko paja ndiye amalipira ma ovaholo. Ndipo pamene Sweet yemweyo ndi Kyle Larson anayambitsa High Limit, gulu lina la mipikisano ya sprint car, nkhani yaikulu inali yomweyi, kuti eni matimu azipeza ndalama zokwanira kupitiriza. Ngati akatswiri otere akudandaula za ndalama, anthu atatu a malipiro apamwezi asayembekezere kuti 410 izidzilipirira yokha.

Ine ndikanakonda muyang'ane ku sprint car za injini ya 305, makamaka za malamulo a RaceSaver. Galimoto yake ndi yofanana maonekedwe, koma injini ndi yaing'ono, ya buloko yachitsulo, ndipo malamulo anawalemba dala kuti wandalama asagule chipambano: mitu ya injini ndi ya mtundu umodzi, injini imayezedwa n'kudindidwa, wina asakailowetse zodula mobisa. Mphamvu yake ndi pafupifupi theka la 410, yomwe ndi yokwanira kumuopsa munthu amene sanayendetsepo, ndipo ikasamalidwa bwino imatha chaka chonse, nthawi zina kupitirira, isanafune ovaholo. Matayala nawo amakhalitsa chifukwa mphamvu yowapala ndi yochepa. Pakati pake pali 360, koma musanamizidwe ndi nambalayo, injini ya 360 yopikisana bwino mtengo wake suli kutali kwambiri ndi 410.

Ndipo musanagule ngakhale 305, pitani kubwalo lapafupi, mulipire kulowa kumbuyoko, mupeze timu yaing'ono ya pabanja muwafunse ngati akufuna manja. Ambiri amafuna, chifukwa kupala matope, kunyamula matayala ndi kuyeza mpweya ndi ntchito yosatha. Khalani nawo chaka chimodzi. Mudzaona mabilu enieni a chaka chino a m'dera lanu, mudzadziwa womanga injini amene amayankha foni Lolemba m'mawa, ndipo galimoto yabwino yogulitsa mudzaimvera kumeneko isanafike pa Facebook.

Za kusonkherana kuja, lembani papepala musanapereke ndalama: amene aziyendetsa ndani, galimoto izigona kwa ndani, ikagubuduka alipira ndani, injini ikaphulika ali pachiwongolero mnzanu mugawana bwanji, ndipo wina akafuna kutuluka gawo lake muliwerengera motani. Mutsegule akaunti yapadera, ndipo usiku uliwonse womwe injini yalira muziikamo ndalama ya ovaholo tsiku lomwelo, musanagawane kalikonse. Ngati 410 ija ikukukanikanibe kuiwala, muuzeni mwiniwake kuti mukufuna kupita nayo kwa womanga injini wosankha inu, aitsegule pa ndalama zanu, mtengo mukambirane atakuuzani zomwe wapeza. Akakana, isiyeni.