Matisheti a mango ndi buku la ngongole la agogo anga

Imelo ina yabwera Lachiwiri usiku ndipo yandisowetsa tulo. Walemba ndi mtsikana wa konkuno ku Leicester. Bambo ake ndi mmwenye wobadwira ku Limbe, mayi ake kwawo ndi ku Mangochi. Amadziwa kujambula, ndipo akufuna kuyamba kugulitsa matisheti, zikwama zansalu ndi masitika zonyadira umwenye wake, kenako zikayenda atulutse kamagazini. Akufunsa kuti ayambire pati, komanso ngati kuteroko si kuchita malonda ndi mtundu wake.

Achemwali, zikomo pondilembera m'Chichewa. Luso muli nalo, pamenepo musakayike. Koma zithunzi mwatumizazo zandipweteka mtima. Mango, kapu ya tiyi wa masala, dzanja lopakidwa henna, njovu yovala mikanda. Ndayang'ana, ndayang'ananso, kufunafuna Limbe, kufunafuna Mangochi, osazipeza. Zithunzi zimenezi akanatha kujambula mwana wa ku Toronto kapena wa ku Durban, ndipo ambiri anajambula kale. Mundilole ndidzere kaye kwa agogo anga.

Bambo a mayi anga anachoka ku Gujarat, ku India, ali mnyamata, nadzatsegula sitolo pa kamsika kena m'boma la Mulanje. Anatenga mkazi wa Chilomwe, agogo anga aakazi, ndipo anabereka nawo ana. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula kuti amwenye achoke kumidzi, malonda azikachitira m'mizinda ikuluikulu yokha monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Sitolo inatsekedwa. Agogo aamuna anasamukira ku Limbe kwa abale awo, ndipo poti anali ndi pasipoti ya Britain, pambuyo pake anakwera ndege. Agogo aakazi ndi ana sanakwere nawo. Palibe amene anawafunsa maganizo. Kwa achibale a ku Limbe, mayi wakuda uja sanali wowerengeredwa m'banja.

Chimene chinatsala kumudzi ndi buku la ngongole la m'sitolo. Agogo aakazi analisunga m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, lokulunga m'chitenje, ngakhale kuwerenga sankadziwa. Chikuto chake n'chofiira, ngodya imodzi anadya chiswe. Kumanzere kuli mayina a angongole, ambiri olembedwa molakwika, kumanja manambala a Chigujarati. Mchere, palafini, sopo wamtanda, singano za makina, nsalu mayadi awiri. Mukafika m'masamba a 1971 mumaona mashilingi akutha, makwacha ndi matambala akuyamba, ndipo pali malo ena pomwe agogo aamuna anasokoneza masamu n'kufufuta ndi chala, inki n'kufalikira. Kumapeto kwenikweni kuli malipiro a telala wa pakhonde ndi a mnyamata wa m'sitolo. Ndalama zake n'zochititsa manyazi. Ndinalira nditaziona, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira agogo anga kapena mnyamatayo.

Buku limeneli ndi lomwe ndinasindikiza koyamba. Masamba ake ndinawajambula mmene alili, pambali n'kuika mawu amene agogo aakazi anandiuza asanamwalire, m'Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chilomwe. Tsamba la malipiro sindinalichotse. Nditapita nako kabukuko ku sitolo ina ya ku London yogulitsa zaluso za anthu ochokera ku Asia, mayi wosankha katundu anakatembenuza bwinobwino, n'kunena mwaulemu kuti iyi ndi nkhani ya ku Africa, makasitomala awo sangadzionemo. Anandifunsa ngati ndili ndi kena kokhala ndi mitundu yowala. Ndinatuluka miyendo ili zii.

Amene anakamvetsa ndi mdala wina wa ku Highfields konkuno, wandevu zoyera, yemwe naye anali ndi sitolo ku Thyolo. Anaima pa tebulo langa, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga manambala aja mokweza, chala chikutsetsereka pa tsamba. Atafika pa malipiro nkhope inasintha. Anandikalipira m'Chichewa cha m'sitolo chija, kuti mwanawe, za m'nyumba saulula, nthawi imeneyo aliyense ankalipira choncho. Ndinamuyankha kuti n'chifukwa chake ndazisindikiza. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatulutsa chikwama n'kugulira ana ake onse, aliyense kake. Anati ana akewo amadziwa za Idi Amin ndi masiku 90 amene anapatsa amwenye a ku Uganda mu 1972, amadziwa kuti khonsolo ya Leicester inalengeza mu nyuzipepala ya Uganda Argus kuti asabwere kuno, anakaonanso chionetsero cha zaka 50 ku myuziyamu mu 2022. Koma za Thyolo sadziwa kanthu. Nkhani ya amwenye a ku Malawi imathera m'makhitchini.

Inu muli ndi nkhani imeneyi m'magazi, mbali zonse ziwiri, ya mwini sitolo ndi ya woima kunja kwa kauntala. Ndiye mwandijambulira njovu?

Anzathu a ku America anayamba kale ntchitoyi, ndipo chinawadzutsa ndi mavuto a pakhomo pawo. Mu 1972 achinyamata aluso ku San Francisco anayambitsa Kearny Street Workshop m'chipinda chapansi cha International Hotel, nyumba yomwe munkakhala madala a ku Philippines ndi ku China amene anakalambira pa ntchito za m'minda ndi m'malesitilanti. Eni nyumba ankafuna kuigwetsa. Achinyamatawo ankasindikiza maposita pamanja, kukanda inki pa sefa yansalu, n'kumamata m'makoma a m'deralo. Apolisi anatulutsabe madala aja usiku wa pa 4 Ogasiti 1977, koma bungwelo lilipo mpaka lero. Aliyense woona maposita aja ankadziwa nyumba yake, msewu wake, ndi nkhope za anthu ake.

Eric Nakamura naye, ku Los Angeles, anatulutsa magazini ya Giant Robot mu 1994 ali ndi makope 240 okha a fotokope, omanga ndi sitepula. Iye ndi mnzake Martin Wong ankalemba zimene iwowo ankakondadi: mafilimu a ku Hong Kong, zidole za ku Japan, magulu oimba punk, manudulo a m'mapaketi. Sitolo yogulitsa matisheti, zidole ndi zojambula inabwera mu 2001 pa Sawtelle Boulevard, magazini itakhala kale zaka 7. N'zoona kuti magaziniyo inasiya kusindikizidwa mu 2011 pomwe sitolo idakalipo, ndiye sindikunena kuti katundu ndi wachabe. Koma anthu ankalowa m'sitolomo chifukwa anali atawerenga kale maganizo a eni ake n'kuwakhulupirira.

Ndipo apa mtima wanga ndauumitsa, ena akwiye ngati akufuna. Tisheti yopanda nkhani kumbuyo kwake ndi yoopsa, chifukwa aliyense angathe kuipanga, ngakhale amene amakunyozani. Mu 2002 kampani ya Abercrombie & Fitch inagulitsa matisheti okhala ndi zithunzi za amuna amaso ang'onoang'ono ovala zipewa zosongoka, akutsatsa malonda ochapa zovala. Ophunzira ochokera m'mabanja a ku Asia atachita zionetsero, kampaniyo inawachotsa m'masitolo. Lero makampani anachenjera, sanyozanso poyera. Amangotenga mango yomweyo, henna yemweyo, n'kulemba mawu onyadira pamwamba. Anthu 8 ataphedwa ku Atlanta mu Malichi 2021, mwa iwo amayi 6 ochokera ku Asia, intaneti inadzaza ndi matisheti a mawu otsutsa chidani. Ena ogulitsa anali ndi chisoni chenicheni ndipo anapereka ndalama kwa ovutika. Ena anangoona msika. Matisheti otero amakhala ngati chitenje cha pa msonkhano wa chipani, aliyense wavala, wowerenga zolembedwapo palibe. Ngati chojambula chanu angathe kuchikopera munthu amene sanapondepo ku Limbe, sanadyepo samusa wa pa depoti, sanamvepo azakhali akunong'onezana za khungu la mwana wobadwa kumene, ndiye kuti simunafike pa chanu.

Za khunguzo ndatchula dala. Sharan Dhaliwal atayambitsa magazini ya Burnt Roti ku London mu 2016, atsikana ochokera m'mabanja a ku South Asia anaithamangira chifukwa inkalemba zimene m'nyumba salankhula: khungu lakuda, tsitsi la pathupi, kuvutika maganizo. M'imelo yanu muli chiganizo chimodzi chomwe mwachidutsa mothamanga, chakuti pa ukwati wina wa achibale a bambo anu, mayi anu anawayesa wantchito. Achemwali, kamagazini kanu koyamba kali pamenepo. Zidzawawa, ndipo abale ena adzasiya kukupatsani moni kwa kanthawi. Pali atsikana ku Limbe, ku Ndola, ku Harare ndi ku Bolton amene akudikira kuti wina ayambe kunena.

Nanga ndalama?

Funso lanu loti kodi si kuchita malonda ndi mtundu, ine silindivuta. Agogo anu ndi anga anali amalonda. Inki imagulidwa, pepala limagulidwa, tebulo pa msika wa zaluso limalipiridwa, ndipo wojambula amadya. Chochititsa manyazi ndi kugulitsa chinthu chimene inu eni simukuchikhulupirira.

Ndikuuzeni za makina osindikizira omwe ndimakonda, chifukwa nthawi zonse ndikayamba za Riso sindifuna kusiya. Amapanga ndi kampani ya ku Japan ya Riso Kagaku, ndipo anawapangira masukulu, matchalitchi ndi maofesi ofuna makope ambiri motchipa. Ojambula anadzawatulukira pambuyo. Mtundu uliwonse wa inki uli ndi mgolo wakewake, ndiye kuti mupeze mitundu itatu pamafunika kuti pepala lidutse pa migolo itatu. Inki yake amaipanga ndi mafuta a soya kapena a madeya a mpunga, ndipo siuma kwenikweni, mukapukuta ndi chala imatsalira. Mitundu siigwirizana ndendende, wofiira umasendera pang'ono kunja kwa mzere wakuda, kope lililonse mosiyana ndi linzake. Pa masamba a buku la agogo kusendera kumeneko kunafanana ndi inki yawo yofalikira ija, moti mayi anga atalandira kope lawo ku Mulanje anandiimbira kufunsa ngati ndang'amba buku lenileni. Makinawa amatchipa mukamasindikiza makope ambiri a tsamba limodzi, chifukwa chodula ndi kapepala komwe amadindapo chithunzi poyamba. Simukufunika kugula anu. M'mizinda yambiri ya kuno muli timagulu ta ojambula tomwe timabwereketsa pa ola, ndipo amaphunzitsanso.

Makampani a pa intaneti osindikiza tisheti imodziimodzi munthu akaitanitsa ndimawakana. Mpamba safuna, n'zoona, koma ndalama zambiri zimatsalira kwa iwo, nsalu simuigwira, ndipo wogula simumuona nkhope. Mdala wa ku Thyolo uja sindikanakumana naye.

Ndiye chitani izi. Khalani pansi ndi mayi anu ndi bambo anu, aliyense payekha, foni ikujambula mawu, ndipo muwapemphe chilolezo musanasindikize chilichonse chawo. Funsani za malisiti akale, zithunzi, makalata. Pangani kabuku ka masamba 16 kapena 24, mitundu iwiri, makope 50 mpaka 100. Mtengo wogulitsa ukhale kuchulukitsa katatu zimene mwawononga pa kope limodzi, chifukwa masitolo amatenga gawo lalikulu ndipo positi imadya. Chithunzi chimene anthu adzachiloze kwambiri m'kabukumo ndi chomwe mudzaike pa chikwama chansalu, zikwama zisanafike matisheti, popeza chikwama chilibe masaizi otsalira m'katoni. Matisheti adzabwere anthu atalipiriratu. Makope ena mutumize ku Malawi ndi munthu wapaulendo, ndipo mtengo wake ukhale wa m'makwacha umene wophunzira wa ku Blantyre angakwanitse.